Kodi ndibzale mitengo amisiri asanachoke?

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe anditumizira imelo. Akuwonjezera zipinda ziwiri panyumba pawo, akumanganso mpanda wa njerwa ndi sepitiki tanki yatsopano. Akufunsa ngati ndi bwino kubzaliratu mitengo kuti izikula ntchito ili mkati, ndipo m'mbali mwa mpanda akufuna bulugama.

Mayi, dikirani kaye. Pamene pali amisiri mbande siyipulumuka. Wilibala idzadutsa pomwepo, lole idzatsitsa njerwa pomwepo, ndipo mnyamata wotsuka mafosholo adzakhuthulira madzi a simenti pa kamtengo kanu poganiza kuti akukuthandizani kuthirira.

Ntchito yanu panopa ndi kusamala dothi. Akamakumba maziko, dothi lakuda lapamwamba aliunjike palokha pakona, asalisakanize ndi katondo wapansi. Ambiri amalilekerera likwiririke, mawa lake n'kumagula dothi lomwelo pa lole. Awuzeninso kuti simenti azikandira malo amodzi, ndipo pochoka asakwirire zibenthu za njerwa pabwalo. Kapinga wobzala pamwamba pa zinyalala zoterezi amangokhala wachikasu, muthirire chotani.

Za bulugama ndiye ayi ndithu. Ndi mtengo wa kumunda, osati pa poloti ya m'tauni. Umamwa madzi kwambiri, mizu yake imayenda patali, ndipo mpandawo udzayamba ming'alu ndalama zake musanaziiwale. Aneba nawonso mudzadana nawo. Mango ndi mapeyala ndi abwino, koma atalikirane ndi nyumba komanso tankiyo ndi mamita osachepera 8, chifukwa mizu imalondola chinyezi mpaka kulowa m'mapaipi. Ngati malo ndi ochepa, bzalani mandimu, magwafa, mapapaya ndi chammwamba. Musanakumbe, yang'anani m'mwamba ngati mukudutsa mawaya a ESCOM.

Nyengo yobzala mitengo kuno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma musadikire kumapeto, mtengo uyenera kugwira mvula ikadalipo. Maenje kumbiranitu mu Novembala, masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya, ndipo muthiremo dothi lakuda lija losakaniza ndi manyowa owola bwino. Manyowa aawisi amaotcha mizu. Mango gulani okwatitsa, amabereka patatha zaka zitatu kapena zinayi ndipo sakula moopsa. Pobzala chotsani chubu cha pulasitiki, ndipo pamene anakwatitsa pakhale pamtunda. Udzu wophimbira usakhudze tsinde, apo ayi mwaitanira chiswe.