Ampu ya Machubu ya Mawati 15: Kodi Ikwanira?

Funso: Akonzi, pa ampu (chokuzira mawu) ya gitala ya combo palembedwa 15W, 12AX7 atatu, EL84 awiri, sipika ya mainchesi 12, ma ohm 8. Zikutanthauzanji? Nanga ingamveke ng'oma zikulira?

Yankho: Imveka ndithu. Kuti mawu akwere kawiri m'makutu pamafunika mawati ochuluka kakhumi, ndiye ya 30W imangoiposa pang'ono. Kungoti ya 15W mukaikweza kwambiri mawu amayamba kusasa msanga, zomwe oimba ambiri amazifuna dala.

Combo ndiye kuti ampu ndi sipika zili m'bokosi limodzi. 12AX7 ndi EL84 ndi mitundu ya machubu, tizipangizo tagalasi tonga mababu. Machubu a 12AX7 amakuza ndi kukometsa mawu ochokera kugitala, ndipo amakhalitsa. A EL84 ndiwo amakankha sipika. Amatentha kwambiri ndipo amayamba ndiwo kutha. Mawu akafooka kapena fyuzi ikamapsa pafupipafupi, sinthani onse awiri ndi ofanana mphamvu, osati imodzi yokha.

Musaiyatse sipika isanalumikizidwe, thiransifoma yotulutsa mawu ingapse. Mukasintha sipika, ikhale ya ma ohm 8 omwewo (ma ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi). Ngati ampu ili ndi standby (switchi yoti machubu ayambe afunda mawu asanatuluke), dikirani masekondi 30 machubu afunde.

M'katimo musapisemo dzanja: makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) amatha kusunga mavoti oposa 300 ngakhale mutazula pulagi.