Yambani ndi chizolowezi chimodzi chokha

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene mukulepherera kusunga dongosolo lanu latsopano, loti muzidzuka 4 koloko m'mawa, muziwerenga maola awiri pokonzekera mayeso a MSCE, ndiponso musiyiretu kucheza pa WhatsApp usiku. Ine ndikuona kuti vuto si ulesi ayi, koma mwasenza zinthu zitatu nthawi imodzi, pamene chilichonse mwa izo chimafuna nthawi yakeyake kuti chikhazikike.

Sankhani chimodzi, ndipo chikhale chaching'ono moti simungachikane ngakhale tsiku limene mwatopa kwambiri. Mwachitsanzo, mukangosamba m'manja mutadya nsima yamadzulo, musanagwire foni, tsegulani buku la masamu n'kuyankha mafunso awiri okha. Kope ndi cholembera zikhale pafupi ndi pamene mumadyera, osati m'chikwama, chifukwa kufunafuna zinthu ndi kumene kumapatsa munthu mpata wozengereza. Popeza chakudya chamadzulo simuchiiwala, chidzakhala chikukukumbutsani chokha za kuwerengako.

Musayembekezere kuti muzolowera m'masabata atatu monga ambiri amanenera. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, yemwe anatuluka mu 2009, anapeza kuti anthu ankatenga masiku pafupifupi 66 kuti chinthu chatsopano chiwalowerere, ena 18 okha, ena mpaka 254, komanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawabweze m'mbuyo kwenikweni. Choncho magetsi akazima kapena mukapita kumaliro, pitirizani mawa lake popanda kudziimba mlandu. Zodzuka 4 koloko muziike kaye pambali mpaka mafunso awiriwo akule n'kufika theka la ola, kenako muzifupikitsa tulo tam'mawa ndi mphindi 15 zokha pa sabata, mukugonanso msanga.