Kwa achemwali ofunsa za ntchito ya matenda a maganizo m'boma

Achemwali, mwati mwamaliza maphunziro a clinical officer ndipo mukufuna kulowa mbali ya matenda a maganizo m'boma kuno ku Mzuzu. Mwafunsanso ngati n'zoona kuti wothandiza odwala misala nayenso mutu umadzasokonekera. Zimenezo n'zocheza za m'minibasi, musazitengere. Kutopa kokha ndiye kulipo.

Za sukulu simuvutika. St John of God College of Health Sciences ili konkuno, imaphunzitsa za matenda a maganizo komanso uphungu. Ndi ya abulazala a Katolika, si ya boma, koma ambiri a ife tinadzera pomwepo. Pepala lanu lokulolani kugwira ntchito la ku Medical Council of Malawi likhale lokonzeka musanafunsire ntchito.

Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti m'boma simudzakhala m'kachipinda kaphee ola lathunthu ndi munthu mmodzi. Tsiku la kiliniki mumapeza benchi yadzaza kale, aliyense buku lake la kuchipatala m'manja. Ambiri ndi a khunyu odzatenga phenobarbitone kapena carbamazepine, ena ndi anyamata amene chamba ndi kachasu zawapweteka, ena abwera kudzabayitsa jakisoni wa pamwezi. Pakati pawo pamakhala mayi wina wochokera mwina ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, akuti mtima ukuthamanga, mutu ukutentha, tulo palibe. Mukatsegula buku lake muona ayezedwa malungo kangapo, osapezeka, n'kumangopatsidwa panado. Mutseke bukulo, mumufunse kuti kunyumba kuli bwanji. Apo ndi pamene mumve za ngongole ya banki m'khonde, za bambo amene anapita ku Joni osatumizanso kanthu. Ndipo funso lakuti "kodi munaganizapo zodzipha?" mulifunse mosazungulira. Kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo, ambiri amachita kupumira m'mwamba kuti wina wafunsa.

Ukiliniko wanu musautaye. Si aliyense wobwera atamangidwa zingwe amene ali ndi misala. Malungo a mu ubongo, meninjaitisi mwa munthu wa HIV, shuga wotsika, ngakhale kusiya mowa mwadzidzidzi, zonsezi zimabwebwetetsa munthu. Yezani thupi kaye.

Koma amene agwira ntchito yeniyeni ndi gadiyani. Inu wodwala mumuona kamodzi pamwezi, masiku ena onsewo ali ndi amayi ake kapena azakhali. Mankhwala a misala monga haloperidol ndi chlorpromazine nthawi zina amaumitsa khosi, manja kunjenjemera, dovu kumatuluka. Gadiyani amene simunamuchenjeze akaona zimenezo amati achipatala awonjezera matenda, mapiritsi aja n'kuponya m'chimbudzi. Mukamuuziratu kuti zikatero abwere msanga, pali benzhexol wothetsa vutolo, mwapulumutsa chithandizo chonse. Ine ndimaona kuti mphindi zocheza ndi gadiyani n'zofunika kuposa zolemba mankhwala, ngakhale mzere ukudandaula panja.

Chitumbuka muphunzire. Anthu a m'tauni Chichewa amayankhula bwinobwino, koma agogo ochokera ku Rumphi kapena ku Ekwendeni chisoni chawo amachifotokoza m'chiyankhulo cha kwawo. Kumasulirirana kudzera mwa mdzukulu sikuthandiza, nanga nkhani yake ikakhala yokhudza mdzukuluyo? Mudzakumananso ndi za vimbuza. Ambiri amafika kwa ife atayamba avina kwa sing'anga kapena kugona ku mapemphero. Vimbuza si chinthu chochinyoza kuno, ngakhale a UNESCO anachilemekeza mu 2005. Mukayamba ndi kuwadzudzula sabweranso. Ine ndimangoti zakwanuzo sindikuletsani, koma mapiritsi asalekeze, ndipo unyolo uchoke m'miyendo.

Zowawa zilipo. Mankhwala amatha nthawi zina, ndiye mumasintha munthu amene anali bwino kumuika pa mtundu wina, kapena kuuza banja losauka kuti likagule ku famase. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndi Zomba Mental Hospital, mtunda wa pafupifupi makilomita 600 kuchokera kuno, choncho ofunika kugonekedwa ambiri amathandizidwa ku chipatala cha St John of God konkuno. Mudzagwiranso ntchito ndi apolisi a Victim Support Unit ndi a zachisamaliro cha anthu pa nkhani za ana ogwiriridwa, ndipo nkhani zimenezo ndi zomwe zimakutsatirani mpaka kunyumba. Simungazifotokoze kwa amuna anu kapena kwa anzanu a kutchalitchi, chinsinsi cha wodwala sichilola, makamaka mu Mzuzu momwe wodwala wanu mukumana naye mawa lake pamsika. Pezani mnzanu wa ntchito yomweyi woti muzikhala naye pansi n'kutulutsa za kukhosi.

Musanalipire fizi, pemphani kwa akuluakulu a chipatala chimene muli pafupi nacho kuti mukhale nawo pa kiliniki ya matenda a maganizo masiku angapo. Mukhale mpaka wodwala womaliza atatuluka, kenako mudzandiuze ku inbox mmene mwazionera.