Solvency imene a SACCO akufunsa

Achemwali, mwati a SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kukongoza ndalama) akufuna kuona solvency ya golosale yanu ya ku Chinamwali asanakukongozeni, ndipo simukumvetsa kuti akufuna chiyani. Funso lawo ndi ili: mutagulitsa zonse za bizinesiyo n'kubweza ngongole zonse, pangatsale kanthu? Pakatsala, bizinesi ndi solvent. Ndalama zikaperewera, ndi insolvent.

Tiyerekeze kuti m'mashelefu muli katundu wa K3 miliyoni, firiji ingagulidwe pa K800,000, ndipo ku banki ndi pa Airtel Money muli ndi K200,000. Zonse pamodzi ndi K4 miliyoni. Ngongole zanu ndi K600,000 ku banki mkhonde ndi K1.4 miliyoni kwa amene amakupikulitsani ku Limbe. Mukachotsera, patsala K2 miliyoni. Apa muli bwino.

Komabe wa ku Limbeyo atati akufuna zake Lachisanu, mukakamira, chifukwa shuga wa pashelefu si ndalama ya m'manja. Vuto limenelo ndi la liquidity, kutanthauza kukhala ndi ndalama ya m'manja yolipirira nthawi ikakwana, ndipo ambiri amaisokoneza ndi solvency. Wina amayenda ndi mpukutu wa ndalama m'thumba, koma zonse ndi za katapila. Ameneyo kunja akuoneka bwana pomwe ngongole zinamumiza kale.

Pamene anthu timadzinamiza ndi powerengera. Firiji muiwerenge pa mtengo umene munthu angaigule lero, osati umene munagulira. Katundu amene nthawi yake yatha mumuchotse. Nanga kabuku kaja ka "ndidzapereka pakutha pa mwezi"? Werengani okhawo amene mukudziwa kuti amabwezadi. Amene anasamukira ku Jali osatsanzika muwaiwale. Kumbali ya ngongole musabise ngakhale imodzi, kuphatikizapo chiwongoladzanja ndi zija munatenga kwa alamu anu. Ngati ina ndi ya madola kapena marandi, dziwani kuti imakula yokha kwacha ikagwa. Mu November 2023, kwacha itatsika ndi 44 peresenti, oitanitsa katundu kunja pangongole anadzuka ngongole zawo zitafufuma asanakongolenso kalikonse.

Musaone ngati akukukayikirani. Ndalama zimene akukongozeniwo ndi za mamembala anzanu, ndipo nawonso ma SACCO ndi mabanki amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi pa nkhani yomweyi. Popita, tengani pepala la mbali ziwiri, katundu uku ngongole uku, pamodzi ndi buku la malonda ndi sitetimenti ya ku banki.