Achemwali, Pitani ku Campeche

Mayi wina wogwira ntchito ku Manchester wandilembera kalata. Akuti akufuna kukapuma ku Mexico, koma Cancún sakuifuna chifukwa cha phokoso ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Akufunsa ngati kuli mzinda wina wa m'mbali mwa nyanja womwe munthu angakapezeko bata.

Achemwali, ulipo, ndipo ndi Campeche, kumadzulo kwa dera la Yucatán, m'mphepete mwa nyanja ya Gulf of Mexico. Koma ndikuuzirenitu: ngati mtima wanu uli pa kusambira ndi kugona pamchenga woyera, kumeneku mukagwiritsidwa mwala. Mumzindamo mulibe gombe lotero. Chomwe chilipo ndi msewu wautali wa m'mbali mwa madzi, eni ake amati malecón, komwe mabanja amawongola miyendo dzuwa likamalowa m'nyanja.

Chokoka mtima kumeneku ndi mzinda wakalewo. Asipanya anaukhazikitsa mu 1540, ndipo unalemera ndi malonda a mtengo wotulutsa utoto wonyikira nsalu. Chumacho chinaitana achifwamba a panyanja. Atauwukira moopsa mu 1663, anthu anatopa nazo, mpaka mu 1686 anayamba kumanga linga lamiyala kuzungulira mzinda wonse. Mbali zina za lingalo zilipobe, ndipo mutha kukwera n'kuyenda pamwamba pake. Mukalowera pachipata cha Puerta de Tierra, tsatani msewu wa Calle 59 mpaka kukatulukira ku Puerta de Mar. Nyumba zake n'zopakidwa utoto wachikasu, wobiriwira, wapinki, mawindo ataliatali otchingidwa ndi zitsulo, ndipo madzulo eni malo odyera amayala matebulo pakati pamsewu penipeni. Mpake UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inauika pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1999.

Musabwerere musanafike ku Fuerte de San Miguel, linga la paphiri lomwe pano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Muli zigoba za kumaso za mwala wobiriwira wa jade zomwe anazipeza m'manda a mafumu a Amaya, mtundu wa anthu akale a m'derali, ku mzinda wawo wakale wa Calakmul. Mabwinja a Edzná nawonso ali pafupi, ulendo wa ola limodzi basi, ndipo anthu sachulukako ngati ku mabwinja otchuka a Chichén Itzá.

Pa chakudya, itanitsani pan de cazón: timikate topyapyala ta ufa wa chimanga tosanjikiza, pakati pake nyemba zakuda ndi nyama ya kashaki kakang'ono, pamwamba msuzi wa tomato.

Kuchokera ku Mérida, mzinda waukulu wa dera la Yucatán, basi ya ADO imatenga maola awiri ndi theka. Pitani pakati pa Novembala ndi Febuluwale, chifukwa Epulo ndi Meyi kumatentha koopsa, ndipo kuyambira Juni ndi nyengo ya mvula ndi mphepo zamkuntho. Za visa mufunse ku ofesi ya kazembe wa Mexico ku London musanagule tikiti, muwaonetsenso zikalata zanu zokhalira ku Britain.