Laputopu yanga yakalamba: ndiwonjezere RAM kapena nditenge ngongole?

Ndili ndi kamalo kotayipira ndi kusindikiza mapepala ku Chikanda, ndipo makasitomala anga ambiri ndi ophunzira a pa Chanco. Laputopu yanga ndi HP yakale ya RAM 4GB. Ndikatsegula Word, Chrome ndi PDF pamodzi imangoima, ophunzira amatopa kudikira n'kupita kwina. Wokonza makompyuta akuti ndiwonjezere RAM, koma anzanga a ku banki mkhonde akuti nditenge ngongole ndigule ina. Nditani?
Mayi wa ku Chikanda, Zomba

Achemwali, za ngongole zidikire kaye. Zimandiwawa kuona munthu akubweza chiwongoladzanja miyezi yambirimbiri pa vuto lomwe kachipangizo kamodzi kakanathetsa. Komanso musathamangire kugula RAM, kachipangizo komwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zomwe mwatsegula, musanaone pomwe pali nthenda.

Mawa, ntchito ili mkati ndipo laputopu yayamba kuchedwa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Patseguka Task Manager. Pitani pa Performance muone Memory, yomwe ndi RAM yomweyo. Ngati yatsala pang'ono kudzaza, wokonza uja wanena zoona, ndipo kuchoka pa 4GB kufika pa 8GB kudzasintha ntchito yanu tsiku lomwelo. Koma mukaona kuti Memory ili ndi malo pomwe Disk yakhazikika pa 100%, vuto ndi hard disk, mosungira mafayilo anu, ndipo ndalama yanu ipite ku SSD, chosungira mafayilo chothamanga cholowa m'malo mwa hard disk. Anthu ambiri amasochera apa, amagula RAM n'kubwerera kunyumba makina akadali aulesi.

Patsamba la Memory lija pamalembedwa mipata ya RAM. Pakaoneka "1 of 2", mpata wina ulibe kanthu, mungogula kamodzi ka 4GB n'kuwonjezera. Onaninso ngati Windows yanu ndi ya 64-bit, chifukwa ya 32-bit sigwiritsa ntchito RAM yoposa 4GB ngakhale muyikemo yochuluka bwanji.

Pogula, laputopu ipite nanu kusitoloko. RAM ili m'mitundu: DDR3 siilowa pa mpata wa DDR4, ndipo malaputopu ena akale amafuna DDR3L, ya mphamvu ya 1.35V, osati DDR3 wamba ya 1.5V. Maonekedwe a ziwirizi ndi amodzi, choncho werengani zolembedwa pa kachipangizo komwe kali kale m'makina anu. RAM yogwiritsidwa kale ntchito musaiope, ilibe chozungulira chomwe chimatha msanga. Koma aiyike inu muli pomwepo, muyatse, muone 8GB ndi maso anu, kenako mulipire. Pemphani risiti ndi masiku oti mukhoza kubweza. Mukafuna kukagula ku Limbe chifukwa chotchipa, muwerengerenso thiransipoti ndi tsiku lomwe shopu ikhale yotseka.

Tsopano masamu. Kwa sabata imodzi lembani m'kope ophunzira omwe abwerera osathandizidwa ndi ndalama yomwe akanasiya. Ngati yotayikayo ingabweze mtengo wa RAM ndi wa woyika pasanathe miyezi iwiri, gulani sabata yomweyo, nyengo ya maasayimenti isanafike pachimake.

Pali chimodzi chomwe RAM singakonze. Ngati laputopu yanu ili ndi Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kupereka chitetezo chaulere cha Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo malaputopu ambiri akale salandira Windows 11. Inu mumalowetsa maflashi a anthu osiyanasiyana tsiku lonse, ndiye mavairasi ali nanu pafupi. Laputopu imeneyi muilimbitse kuti ikugwirireni ntchito chaka china, koma kuyambira mwezi uno muziika kangachepe padera ku banki mkhonde komweko, kuti ina mudzagule ndi masheya anu.