Yankho kwa mayi amene anafunsa za rectocele

Amayi, zomwe mwafotokozazo zoti mukamachita chimbudzi mumamva chotupa chikutsika kumaliseche mpaka mumachita kukankha ndi chala kuti chimbudzi chituluke, madokotala amati rectocele. Khoma lapakati pa njira ya chimbudzi ndi njira ya mwana limakhala lafooka, kawirikawiri chifukwa chobereka kangapo kapena kudzimbidwa nthawi yaitali. Si ufiti ayi.

Poyamba samathamangira opaleshoni. Chimbudzi chizikhala chofewa, muzidya mgaiwa, nyemba, therere, mapapaya, ndipo madzi muzimwa ambiri maka ndi kutentha kwathu kwa ku Chikwawa kunoku, munthu umauma osadziwa. Osamadzikakamiza kuchimbudzi, ndowa zapamjigo apatseniko ana. Palinso ma Kegel, kumanga minofu yapansi ngati mukugwira mkodzo kenako kumasula, komanso kamphira kotchedwa pessary komwe amakuikirani mkati kuti kazichirikiza.

Zikakanika ndiye amasoka khomalo. Koma ndinene zoona, opaleshoni imathetsa kwambiri chotupacho, kudzimbidwa kwa ena kumatsalabe, enanso amamva kuwawa pogonana, ndipo ngati mukufunabe mwana wina amati mudikire kaye. Yambani kuchipatala chaboma akuyezeni, zikafunika akutumizani ku Queens ku Blantyre.